Foni m'thumba, makutu pantchito: kudzipangira wailesi yanuyanu ndi AI

Mwalowa m'bulangete cha m'ma 9 koloko, mwati mungoyankha uthenga umodzi wa pa WhatsApp. Podzatukula mutu nthawi yapitirira 11, batire latsala pang'ono kutha, bandulo imene munagula kuti ikufikitseni Lachisanu yaphwa Lachiwiri. Wina atakufunsani zimene mwaonera maola awiri onsewo, simungatchule ngakhale zitatu. Panali wina akuvina, ena akutukwanizana za ndale, ngozi ya kudziko limene simudzapitako, kenako wina akuvinanso. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada.

Musadziyese munthu wofooka. Tsamba lopanda pothera lija la pa TikTok ndi Facebook anachita kulikonza. Kale ukafika pansi pa tsamba la pa intaneti unkayenera kudina kuti upite patsamba lachiwiri, ndipo kakudina kameneko n'kamene kankakukumbutsa kuti madzi awira pamoto. Mu 2006 Aza Raskin, katswiri wa ku America wokonza maonekedwe a mapulogalamu, anapeza njira yoti zatsopano zizingotuluka zokha chala chikamatsetsereka, ndipo patapita zaka iye mwini anadandaula poyera ndi mmene luso lakelo likugwiritsidwira ntchito. Chinanso, simudziwa chimene chikubwera: zisanu zopanda pake, chotsatira choseketsa. Nyambo yake ndi yomwe ija imasunga munthu pa makina a njuga mpaka ndalama ya ndiwo kuthera pomwepo.

Mawu omvera ali ndi chinthu chimene tsamba lija lilibe: amatha. Pulogalamu ya mphindi 15 ikafika kumapeto, m'makutu mumati zii, ndipo mumadziwa kuti yakwana nthawi yochita zina. Maso amapuma, khosi limawongoka, manja amagwira ntchito. Ife tinakulira pa wailesi, kumvera nkhani uku tikutonola chimanga kapena kusita zovala sichachilendo. Chatsopano n'chakuti makina a AI, mapulogalamu a kompyuta otsanzira nzeru za munthu, tsopano atha kutenga zolemba zimene mwasankha nokha n'kuzisandutsa mawu. Nayi njira yake.

Choyamba: onani kumene nthawi ikuthera

Musanachotse kalikonse m'foni, tsegulani Settings. Pa foni za Android funani Digital Wellbeing. Pa iPhone ndi Screen Time. Zonsezi zinayamba kubwera m'mafoni mu 2018, choncho mafoni ambiri amene ali m'manja mwa anthu lero ali nazo. Ngati pa Tecno kapena itel yanu simukuziona msanga, lembani dzinalo pamalo ofufuzira pamwamba pa Settings.

Muona maola amene pulogalamu iliyonse yakudyerani. Chiwerengerocho chimachititsa manyazi, koma chofunika kwambiri ndi nthawi yake. Tengani pepala, kwa masiku atatu lembani pamene chala chimakuyabwani: mwina m'mawa musanadzuke, m'minibasi, pamzere wa ku banki, mukatha kudya masana, usiku pogona. Amenewo ndiwo maenje amene tikufuna kukwirira. Anthu ambiri amapeza kuti ali ndi maenje awiri kapena atatu akuluakulu, ena onse ndi tinthawi tating'ono.

Ngati mumagulitsa malonda pa Facebook kapena pa status ya WhatsApp, nthawi yoyankha makasitomala musaiwerengere. Imeneyo ndi ntchito. Werengerani ija imayamba kasitomala atatsanzika kale.

Chachiwiri: sankhani zomvera musanakhudze AI

Apa m'pamene pagona nkhani yonse, ndipo ambiri amapadumpha chifukwa chothamangira kuyesa chida chatsopano. Pa TikTok ndi pa Facebook wosankha zoti muone si inu. Mukapita kwa AI chimanjamanja n'kuiuza kuti ingokupangirani chilichonse chosangalatsa, mwangosintha wokusankhirani.

Patulani theka la ola kamodzi pamlungu, Lamlungu madzulo mwachitsanzo, n'kusonkhanitsa zolemba zitatu mpaka zisanu zimene mwakhala mukunena kuti mudzawerenga. Wophunzira wa Fomu 4 atenge manotsi a Biology kapena History amene akumuvuta pokonzekera MSCE. Mlimi atenge kabuku ka alangizi kofotokoza kasungidwe ka chimanga kapena matenda a nkhuku. Wogwira ntchito mu ofesi ali ndi lipoti la masamba 40 limene lakhala pa desiki mwezi wathunthu. Wina ali ndi nkhani yaitali ya m'nyuzipepala yofotokoza bajeti ya boma, imene anangowerenga mutu wake n'kuthamangira kukatsutsana ndi anthu m'makomenti.

Zisungeni pamalo amodzi. Njira yapafupi ndi kudzitumizira nokha pa WhatsApp, poti masiku ano munthu atha kudzilembera uthenga pa nambala yake yomwe. Kuipa kwake n'kwakuti pokatenga zolembazo mudutsa pakati pa magulu onse aja. Ineyo ndimaona kuti foda wamba ya m'foni ndiyo yabwinoko, chifukwa mulibe wina wokuitanani m'menemo.

Musapitirire zisanu. Mulu ukakula umasanduka ngongole, ndipo munthu amathawa ngongole n'kubwerera kokaonera ovina.

Chachitatu: chida choyenera ntchito yake

Zida zilipo zamitundu iwiri, ndipo kuzisokoneza kumakhumudwitsa.

Mtundu woyamba umangowerenga liwu ndi liwu, osawonjezera, osachotsa. Mwina muli nacho kale chida chotere osadziwa. Mu Chrome ya pa Android, tsegulani nkhani, dinani timadontho titatu tapakona, n'kusankha Listen to this page. Sichigwira pa masamba onse, koma pa nkhani zambiri za m'manyuzipepala chimagwira. Microsoft Edge ili ndi Read aloud, ndipo pa kompyuta imawerenganso PDF. Pa iPhone, Safari ili ndi Listen to Page. Palinso mapulogalamu apadera monga ElevenReader, amene mawu ake amamveka pafupifupi ngati munthu weniweni. Mtundu umenewu ndi wa zinthu zimene liwu lililonse ndi lofunika: malamulo a pantchito, kalata ya mgwirizano, nkhani yolembedwa mwaluso imene mukufuna kumva mmene mwini wake anaiyalira.

Kanthu kena kothandiza: mu Settings ya Android funani Text-to-speech, ndipo pamenepo mutha kutsitsa mawu a chilankhulo chimene mukufuna kuti akhale m'foni momwemo. Mukatero mapulogalamu amene amadalira mawu a foniyo atha kuwerenga ngakhale netiweki itathawa.

Mtundu wachiwiri umatafuna zolembazo n'kukuuzani m'mawu akeake. Chodziwika kwambiri ndi NotebookLM ya Google, imene mu September 2024 inayamba kupanga zimene amazitcha Audio Overview: mawu awiri, wamwamuna ndi wamkazi, akukambirana zolemba zanu ngati pulogalamu ya pawailesi, kufunsana, kudabwa, nthawi zina kusekako. Poyamba inkapezeka pa tsamba la intaneti lokha. Pulogalamu ya pafoni inatuluka mu May 2025. Kagwiritsidwe kake ndi aka:

1. Lowani ndi akaunti yanu ya Google, yomwe ija ya Gmail.
2. Tsegulani notebook yatsopano. Mutu umodzi, notebook imodzi. Mukasakaniza manotsi a Chemistry ndi ndondomeko ya bizinesi ya mandasi, mumva nyusensi.
3. Ikanimo zolemba zanu: PDF, linki ya nkhani, kapena mawu amene mwakopera kwina n'kumata.
4. Pitani ku gawo lotchedwa Studio n'kusankha Audio Overview.
5. Musanadine batani lopangira mawu, pali malo olembapo malangizo. Musawasiye opanda kanthu.
6. Dikirani mphindi zingapo, kenako tsitsani mawuwo kuti akhale m'foni.

Nambala 5 ija ndiyo imasiyanitsa macheza opanda mutu ndi phunziro lenileni. Osaiuza kanthu, awiri aja amayamba ndi kutamanda mutuwo, amazungulira, amabwereza. Auzeni kuti ndinu ndani ndi chimene mukufuna. Lembani m'Chingerezi chosavuta, simukulemba mayeso. Wophunzira anene kuti akukonzekera mayeso a sekondale, akufuna afotokozeredwe mutu wachitatu wokha, mawu ovuta amasuliridwe, ndipo pamapeto afunsidwe mafunso asanu. Wamalonda anene kuti mu lipoti la bajeti akufuna zokhudza misonkho ya katundu wolowa m'dziko basi. Mutha kusankhanso kuti ikhale yaifupi, ndipo ndikulangizani kuyamba ndi yaifupiyo.

Amene akugwiritsa ntchito NotebookLM mwaulere ali ndi malire: atha kupanga ma Audio Overview ochepa patsiku. Anthu amadandaula nazo, koma pa cholinga chathu malirewo ndi mnzathu.

Nanga Chichewa?

Tinene mosabisa: zida zimenezi zimamveka bwino m'Chingerezi ndi m'zilankhulo zina zazikulu. Mu April 2025 NotebookLM inawonjezera zilankhulo zoposa 50, kuphatikizapo Chipwitikizi ndi Chiswahili, zimene zingathandize abale a ku Tete ndi ku Niassa kapena amene amachita malonda ku Dar es Salaam. Koma mukapatsa liwu lachingerezi nkhani ya m'Chichewa kuti liwerenge, konzekerani kuseka. Mawu ngati "ng'ombe" ndi "Nkhotakota" amatuluka atathyoka miyendo, ndipo "mtengo" wa m'nkhalango ndi "mtengo" wa pamsika makinawo sawasiyanitsa kamvekedwe.

Google Translate yakhala ndi Chichewa kuyambira mu 2014, ndiye nkhani ya m'Chichewa mutha kuitembenuzira m'Chingerezi n'kuimvera. Zimathandiza kumva mutu wa nkhani, koma miyambi ndi nthabwala zimafera m'njira. Pa Chichewa, kunena zoona, munthu akadali patsogolo. Wailesi ya FM imene ili m'mafoni ambiri sidya data ngakhale pang'ono, imangofuna mulowetse mahedifoni a waya kuti akhale mlongoti. Ola la nkhani pa MBC kapena pa Zodiak, ulaliki wojambulidwa, voice note yaitali yochokera kwa amayi kumudzi, zonsezi zitha kukwirira dzenje limodzi patsiku. AI musaipatse ntchito imene ena akuigwira bwino kale.

Chachinayi: tsitsani zonse, kenako zimitsani data

Mawu ndi opepuka. Ojambulidwa pa mlingo wa 64 kbps, umene ndi wokwanira kumva munthu akuyankhula, amadya pafupifupi 29 MB pa ola lathunthu. Pa 128 kbps ndi kawiri kake, cha m'ma 58 MB. Mavidiyo a pa TikTok kapena Reels amadya ma MB mazana angapo pa ola lomwelo. Amene amagula bandulo ya mlungu aona kusiyana kwake asanafike Lachinayi.

Dziwani chinthu chimodzi: mabandulo otchipa aja a WhatsApp ndi Facebook okha satsegula NotebookLM kapena masamba ena. Mufunika bandulo ya intaneti yonse. Ndiye pangani mapulogalamu anu omvera nthawi imodzi pamene muli pa Wi-Fi ya kuntchito kapena kusukulu, ngati n'kololedwa, kapena pa bandulo yausiku yotsika mtengo. Mukagwiritsa yausikuyo, ikani zinthu zitsike, foni muisiye patebulo. Anthu ambiri agwera pomwepa: anadzuka 12 koloko kuti atsitse phunziro, 2 koloko inawapeza akuonera ukwati wa anthu osawadziwa.

Mawu akakhala m'foni, pomvera zimitsani data. Popanda data palibe uthenga wa pa intaneti wolowa, palibe kabelu kolira, ndipo batire limakhalitsa, chinthu chimene aliyense wodikira magetsi a ESCOM amachiyamikira.

Chachisanu: ikani mawu m'maenje aja

Bwererani ku pepala lija. Dzenje lililonse lipatseni chake. Ulendo wa pa minibasi kuchokera ku Area 25 kupita mu Town, kapena ku Ndirande kupita ku Limbe, ndi wokwana pulogalamu imodzi. Kuchapa kwa Loweruka m'mawa kumakwana ziwiri. Abale amene ali ku Johannesburg kapena ku Leeds, amene amathera nthawi yaitali m'matakisi, m'mabasi ndi m'sitima, ali ndi dzenje lalikulu kuposa tonse.

Dinani play, zimitsani sikirini, foni ilowe m'thumba. Ikakhala m'manja, chala chimadziwa njira yake chokha. Mudzazindikira muli pa Facebook uku awiri aja akuyankhula okha m'makutu.

Thandizaninso chalacho kuiwala. Pamalo pamene pamakhala TikTok patsogolo pa sikirini, ikanipo pulogalamu yomvera mawu, TikTok ipite mu foda ya kumapeto. Mu Digital Wellbeing kapena Screen Time muja ikani malire a nthawi, mwina mphindi 30 patsiku pa pulogalamu imene imakudyerani kwambiri. Zimitsani mauthenga odziwitsa kuti wakutiwakuti waika chithunzi. Usiku, pa Android, yatsani Bedtime mode, imene itha kuchotsa mitundu sikirini n'kukhala yotuwa. Vidiyo yopanda mtundu sikoma, mudzaona nokha. Sindikunena kuti mufufute Facebook. Uthenga wa maliro, wa ukwati ndi wa ntchito umadzera komweko. Muzingopitako ngati mmene mumapitira kumsika: mukudziwa chokagula, mukagula mubwerera.

Sikuti ntchito iliyonse imagwirizana ndi kumvera. Kutsuka mbale, kusesa, kuyenda, kusenda mbatata, inde. Kulemba lipoti kapena kuwerengera ndalama, ayi, chifukwa ubongo sungatsate mawu awiri nthawi imodzi, ndipo zonse ziwiri zimawonongeka. Pamsewu valani hedifoni imodzi yokha kuti mumve hutala ndi njinga zakabaza zobwera kumbuyo. Wopalasa njinga kapena woyendetsa njinga yamoto asavale n'komwe. Ku depoti, waya wolendewera m'thumba amauza akuba pamene pali foni. Mupisireni m'kati mwa malaya.

Makutu nawo amatopa

Tisapulumutse maso n'kupha makutu. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limati achinyamata oposa 1 biliyoni ali pachiopsezo chowononga makutu chifukwa cha kamvedwe kosayenera. Malangizo ake ndi akuti voliyumu isapitirire 60% ya mphamvu yonse ya foni, ndipo kwa munthu wamkulu phokoso la 80 decibels lisapitirire maola 40 pamlungu. Phokoso likakwera pang'ono chabe, maola otetezekawo amatsika kwambiri. Msampha uli mu minibasi: injini ikulira, dalaivala watsegula nyimbo, inu n'kumakweza voliyumu kuti mupose zonsezo. Zikafika apo, imitsani, mudzamvera mukatsika. Mukavula mahedifoni n'kumva kulira kwa "nziii" m'makutu, mwapyola muyeso.

Chachisanu ndi chimodzi: musakhulupirire chifukwa liwu ndi lokoma

Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Mawu a AI amayankhula modekha ndi motsimikiza pamene akunena zoona, ndipo amayankhula chimodzimodzi pamene akulakwitsa. Powerenga, diso limatha kubwerera n'kuona kuti nambala iyi siikugwirizana ndi ija. Pomvera, cholakwika chimadutsa bwinobwino ngati madzi. Google yomwe imachenjeza kuti NotebookLM itha kulakwitsa. Makina ofupikitsa nkhani atha kusinthanitsa zaka, kusiya chenjezo limene linali pansi pa tsamba, kapena kukulitsa mfundo yaing'ono chifukwa imakoma pokambirana.

Lamulo lake likhale ili: chilichonse chokhudza muyeso, kaya wa mankhwala a munthu, wa katemera wa nkhuku, wa mankhwala opopera mbewu kapena wa feteleza, komanso tsiku lomaliza kulipira kapena kupereka fomu, kachioneni ndi maso pa pepala lenileni. Za matenda, funsani kuchipatala. Mu NotebookLM mutha kulemba funso, ndipo yankho lake limabwera ndi timanambala tosonyeza ndime ya zolemba zanu pamene latengedwa. Dinani kanambalako muwerenge nokha. Wophunzira adziwenso kuti kumvera kumapatsa munthu mtima woti wadziwa pamene sanadziwe. Pulogalamu ikatha, tengani pepala mulembe mfundo zitatu osayang'ana. Masamu sangalowe kudzera m'khutu, amafuna pensulo.

Samalaninso zimene mukuika m'makinawa, chifukwa zimapita kumakompyuta a kampani kunja. Mafayilo a odwala, mndandanda wa malipiro a antchito, zithunzi za ziphaso za anthu, macheza a pagulu la banja, zimenezi si zanu nokha, musaziike. Za kuntchito funsani kaye abwana.

Ndipo mukafuna kugawira anzanu pa WhatsApp, lembani pamwamba pake kuti awa ndi mawu opangidwa ndi AI kuchokera m'chikalata chakuti. Tikudziwa mmene voice note imayendera kwathu kuno: ikadutsa magulu atatu yasanduka "chilengezo cha boma", ndipo azakhali aitumiza kale ku mpingo wonse.

Pulogalamu ikatha

Ikatha musayambitse ina nthawi yomweyo. Pali chiyeso chodzaza mphindi iliyonse ndi mawu, kumvera mothamangitsa kawiri kuti muthe zambiri, kugona mahedifoni ali m'makutu. Mukatero mwamanganso tsamba lopanda pothera lija, kungoti ili ladzera m'khutu. Mapulogalamu awiri patsiku, ola limodzi onse pamodzi, ndi okwana kwa munthu amene ali ndi ntchito ndi banja. Mtunda wotsala yendani opanda kanthu m'makutu. M'pamene zimene mwamva zimakhazikika, m'pamenenso mumakumbukira kuti simunawaimbire foni achimwene. Pakhomo, ana akabwera kusukulu kapena nsima ikafika pamphasa, mahedifoni achoke. Kholo lovala mahedifoni ndi kholo loyang'ana sikirini, kwa mwana n'chimodzimodzi.

Usiku ngati mukufuna kugonera mawu, sankhani zofatsa, tsegulani pa sipika motsitsa, tcherani nthawi yoti azime okha pakatha mphindi 15 kapena 20 ngati pulogalamu yanu ili ndi sleep timer, ndipo foni ikhale patali poti mkono sungafike muli chigonere.

Pakatha mlungu tsegulaninso Digital Wellbeing muyerekeze ndi pepala lija. Dzenje limene silinakwiririke, kawirikawiri ndi lausiku, lisinthireni chomvera. Mwina munaikapo lipoti louma pamalo pofunika nthano. Lamlungu likafika fufutani zonse zimene simunamvere, ngakhale zikuoneka zofunika, n'kusankha zitatu zatsopano.